Zingwe Ziwiri Kuseri kwa Foni ya Apongozi

Ntchito yanga yoyamba yooneka ndinaipeza pa Boma pa Ntcheu, ku bungwe lina lothandiza alimi, ndipo amene anamva za mpatawo n'kunditumizira mawu anali apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga. Iwo anali atagwira ntchito pamalopo kuyambira kalekale, nthawi ya makina otayipira aja olira ngati matalala pa malata. Amuna awo anapita ku migodi ku Joni, anabwerako ndi chifuwa ndipo sanakhalitse, choncho ana onse anawalera okha ndi zala zawo zomwezo. Pamene ine ndinkafika, ntchito yawo yaikulu inali kulandira alendo ndi kuyankha foni. Aliyense woyimba kuchokera kunja, kaya ndi akuluakulu a ku Lilongwe, kaya ndi wapampando wa kalabu ya alimi a mpunga ku Bwanje, ankayamba wamva mawu awo, kenako iwo n'kudina batani pa kabokosi kakale kumulumikiza ndi amene akumufuna. Nthawi yawo yopuma inali itayandikira, ndipo chimene ankafuna chinali chimodzi basi: kufika kumapetoko ndi mapazi awo, osati kuchita kukankhidwa.

Tsono ine ndi apongozi sitinkalankhulana. Musaganize za udani, ayi, unali mwambo. Kwawo ku Mlangeni mkamwini sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso, sakhala nawo pafupi, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatuka. Anzanga ambiri izi anazitaya kale, ena mpaka amakhala mpando umodzi ndi apongozi awo mu minibasi n'kumagawana chimanga chootcha. Koma apongozi anga anali ogwira mwambo, ndipo inenso bambo anga anandilera momwemo. Ndinene zoona, ndinkanyadira. Ndinkamva kukoma anthu akamati, "Koma mayi aja anapeza mkamwini waulemu." Akuluakulu ankati zimadzapepuka mwana woyamba akabadwa, ndipo mkazi wanga anali ndi pakati, ndiye tonse tinkangodikira.

Vuto linali lakuti ofesi yathu inali ndi kolido imodzi yokha, yopapatiza, ndipo zitseko zonse zinkayang'ana mmenemo. Tinapeza njira zathu popanda kupangana. Iwo akamatuluka m'chipinda chawo ankayamba akhosomola kaye. Ine ndikamayenda ndinkagwedeza makiyi. Zikavuta n'kukumanabe, ine ndinkalowa khomo lililonse limene lili pafupi, moti tsiku lina ndinapezeka ndili m'kachipinda ka matsache, laputopu ili m'manja, ndikudikira mapazi awo adutse. Chimene chinkadutsa pakati pathu chinali moni basi. M'mawa ndinkaima chapatali ndi khomo lawo, n'kuwerama pang'ono, maso ali pansi: "Mwadzuka bwanji, amayi?" Iwo, maso ali pa mapepala: "Tadzuka, kaya inu, bambo?" Kwatha. China chilichonse chinkazungulira kudzera kunyumba, kwa mkazi wanga, ngakhale nkhani ya inki ya pulinta.

Anzathu a mu ofesi ankaonerera n'kumaseka. Koma zinkayenda, ndipo zikanayendabe pakanapanda mafoni aja.

Amene anabwera nawo anali abwana atsopano ochokera ku Lilongwe, munthu wachinyamata, woyenda mothamanga ngati wasiya mkaka pamoto. Sanali oipa mtima, koma chinthu chakale chilichonse chinkawayabwa. Anati waya wakale uja adulidwe, kabokosi ka apongozi kakasungidwe, ndipo desiki iliyonse ikhale ndi foni yakeyake yoyenda pa netiweki ya makompyuta. Oyimba kuchokera kunja azifikirabe kwa apongozi, koma pa foni yawo yatsopano. Ntchito yolumikiza zonsezi inali yanga, ndipo ine ndinali ndidakali m'miyezi yoyesedwa. Abwana sanandibisire: zikayenda bwino, ntchito yanga ikhazikika.

Ntchito yakeyo si yovuta. Kuseri kwa foni iliyonse kuli mabowo awiri ofanana ndendende. Lina limalandira chingwe chochokera kukhoma, chimene chimabweretsa netiweki, linalo limatulutsa chingwe chopita ku kompyuta ya pa desikiyo. Ukalumikiza, umabwerera pa kompyuta yako n'kuipatsa foniyo nambala yake ndi dzina la mwini wake. Ikagwira, pa kompyuta yanga pankayaka kadontho kobiriwira, ikakana, kofiira. Mafoni athu aja ukasemphanitsa zingwe ziwirizo ankayaka ndithu, kompyuta n'kumagwirabe ntchito, koma foniyo siinkalira ndipo sukanayimbira nayo munthu.

Ndinazungulira maofesi onse ndikuyimba mluzu. Ya abwana, ya alangizi, ya ku akaunti, zonse zobiriwira. Anthu akuluakulu anasanduka ana tsiku limenelo. Mlangizi wina wa imvi ankayimbira mnzake wokhala naye chipinda chimodzi kumufunsa ngati tiyi wapsa, mnzakeyo n'kumayankha mwaulemu wonse kuti adikire kaye afufuze. Aliyense ankandiitana, aliyense ankandiyamikira, ndipo mutu unandikula pang'ono.

Ya apongozi ndinaisiya komaliza. Chipinda chawo chinkakhala chokhoma akachoka, chifukwa munali mafailo a antchito onse, ndipo kiyi wake ankakhala m'kachikwama kawo. Abwana ndiwo anawauza kuti Lachinayi masana, popita ku mapemphero a amayi a kumpingo, asiye chitseko chosakhoma.

Ndinadikira mpaka nditawaona pawindo akukwera kabaza, atavala yunifolomu yawo ya kumpingo. Ndiye ndinalowa. Abale inu, ndinali ndisanapondemo chiyambire ntchito. Munkanunkhira sopo ndi polishi. Pansi pa desiki panali masilipasi awo ataikidwa bwinobwino, ndipo ndinawasuntha ndi nsonga za zala ngati angandinenere. Soketi ya netiweki inali pakona penipeni, kuseri kwa mwendo wa desiki, moti ndinayenera kugwada, kuika foni pansi pambali panga, kulowetsa mutu ndi mapewa, mbali inayo ya thupi n'kutsala kunja italoza kukhomo. Masiku amenewo ndinali wowonda, lamba wanga anali atatha mabowo, ndipo buluku linkatsetsereka lokha ndikawerama. Ndinamva kamphepo kumunsi kwa msana koma ndinati aaa, palibe munthu.

Ndinangomva chitseko kwee. Kenako zii. Posuzumira pakati pa miyendo ya mpando ndinaona nsapato zakuda zomwe zija ndinaziona zikukwera kabaza. Anali ataiwala buku lawo la nyimbo.

"Pepani, bambo," anatero chapansipansi, ndipo chitseko chinatsekeka pang'onopang'ono.

Mayo ine! Ndinadzambatuka n'kugunda mutu kunsi kwa desiki mpaka kapu yawo inagubuduka. Dzanja lina likukoka buluku, linalo likubaya zingwe m'mabowo mmene zalowera, foni pa desiki khu, ine panja liwiro la mtondo wadooka. Iwo anali ataima pabwalo, atafulatira, akuyang'ana msewu. Mnzathu wina, mayi wachitsikana wa ku akaunti, anaona zonse ali pakhomo la ofesi yake, ndipo pofika nthawi yoweruka nkhani inali itafika mpaka kwa alonda a pageti. Madalaivala ankati ndikamadutsa, "Akamwini, mangani lamba!"

Nditakhala pa kompyuta yanga ndinapeza timadontho tonse tobiriwira, kamodzi kokha kofiira. Sindinafune wondiuza. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti ndasemphanitsa zingwe, ndipo kukonza kwake kunali kungozula ichi n'kulowetsa apa. Koma ine ndilowenso m'chipinda muja? Nkhope ndikaiika pati? Ndinati ndidikire kaye manyazi azizire.

M'mawa mwake anadula waya wakale uja. Apa ndi pamene nzeru zanga zinandipweteketsa. Ndinaona kuti oyimba kuchokera kunja asowa wowayankha, abwana amva, andiitana. Ndiye ndinalowa pa kompyuta n'kupatutsa mafoni onse akunja kuti azilirira pa desiki ya mayi wa ku akaunti uja. Ndinamuuza kuti ndi za lero lokha, pali kenakake kakuvuta. Abwana atasuzumira pakhomo panga n'kufunsa kuti, "Zonse zili bwino?" ndinayankha mosaphethira, "Zonse zili bwino, bwana."

Musandimvere chisoni, njira zinalipo. Ndikanatha kupempha kiyi kudzera kwa mkazi wanga n'kupita Loweruka kulibe anthu. Ndikanatha kupempha abwana kuti awauzenso asiye chitseko, kungoti pamenepo ndikanayenera kuvomera kuti ndinawanamiza. Ndikanatha kungogogoda basi. Ndinkadzuka m'mawa ndikunena kuti lero ndiye lero, koma ndikafika pa kolido n'kumva kukhosomola kuja, miyendo inkandilowetsa yokha khomo lina. Lachinayi lotsatira ndinadikira akwere kabaza n'kukayesa chitseko mwakachetechete ngati wakuba. Chokhoma. Ndinayamba kuyembekezera kuti mwina agwidwa chimfine ajombe tsiku limodzi. Taonani mkamwini waulemu uja! Koma mayi aja sankajomba, ndipo ngakhale akanajomba, kiyi akanatsala m'kachikwama momwemo.

Mkazi wanga anandiuza kamodzi. Tinali pa chakudya chamadzulo, iye anangoti, "Amayi akuti foni yawo yatsopano ija siikulira." Ine ndinalusa ngati wandiponda pachilonda. "Kodi nkhani za ku ofesi zizinditsatira mpaka pa mbale? Ndikudziwa, ndikonza!" Anandiyang'ana, dzanja lili pamimba, n'kuseka pang'ono, chifukwa za buluku zija anali atazimva kale kwa anthu. "Bambo, manyazi anapha lambe. Amayi analera ana aamuna, mukuyesa anaona chachilendo?" Ndinasamba m'manja n'kutuluka panja chakudya chisanathe. Iye sanabwerezenso, ndipo apongozi sanatumizenso mawu.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Masabata anapita. Mayi wa ku akaunti poyamba ankadandaula, ankandiimitsa pa kolido n'kumati, "Achimwene, lero lanu lija lidzatha liti?" Ine ndinkayankha kuti ndikudikira a ku Lilongwe andithandize, lomwe linali bodza lina pamwamba pa loyamba lija. Kenako anazolowera, anaphunzira mayina a apampando a makalabu, mpaka anayamba kuikonda ntchitoyo. Alimi achikulire a ku Bwanje ankamufunsa kuti, "Kodi amayi aja ali kuti, akudwala?" Iye ankayankha kuti alipo, ali bwino. Pang'ono ndi pang'ono anasiya kufunsa.

Ine ndinkawayang'ana mozemba ndikamapereka moni wam'mawa. Ankafika nthawi yake monga kale, n'kupukuta desiki, n'kukhala tsonga. Foni ija anailukira kansalu koyera kuti isalowe fumbi. M'mawa ankachotsa kansaluko, madzulo n'kuvundikiranso. Alendo obwera ndi mapazi anali ochepa, ndipo zotayipa zinali zitatha kalekale chifukwa aliyense ankadzilembera yekha pa kompyuta. Ndiye ankangokhala, manja ali pa desiki, uku foni ikulira chipinda chinacho kuseri kwa khoma. Chinkandiwawa, ndithu chinkandiwawa, koma sindinachitepo kanthu.

Manja ozolowera ntchito sakhala chete, choncho anayamba kuluka shawelo ya mdzukulu wawo amene tinkamuyembekezera. Ankalukira pansi pa desiki, koma abwana anawaona, ndipo ndinawamva akuuza mlangizi wina pa tiyi kuti mayi aja nthawi zonse amawapeza ali ndi ulusi. Shaweloyo itatha anaitumiza kunyumba. Mkazi wanga anaiyala pabedi, akuisisita, akundiitana kuti ndidzaone kukongola kwake. Ndinaiyang'ana kamodzi n'kunena kuti mutu ukundipweteka. Inali yaikulu, yolukidwa mosamala, ndipo ine ndinkadziwa kumene nthawi yoilukira inachokera.

Kenako kunabwera akuluakulu awiri ochokera ku Lilongwe. Mphekesera zinali zitamveka kale kuti bungwe likuchepetsa anthu, moti tsiku limenelo aliyense anabwera atatchena. Tinasonkhana m'chipinda cha misonkhano. Apongozi anakhala kutsogolo, ine kumbuyo pafupi ndi khomo, monga mwa masiku onse. Alendowo ankafunsa munthu aliyense zimene amachita tsiku ndi tsiku. Itafika nkhani ya mafoni, mayi wa ku akaunti ananena mosabisa, wopanda choipa mumtima, kuti chibwerere mafoni atsopano ndi iye amene amayankha akunja onse. Alendo aja anayang'anana. Abwana anatembenukira kwa apongozi.

"Amayi, nanga foni yanu ija bwanji? Simuigwiritsa ntchito?"

Ndinati basi, yakwana, anena kuti siinalirepo chiikire, onse atembenuka kundiyang'ana ine. Ndipo zikanakhala bwino zikanatero.

Apongozi anakonza mpango wawo n'kuyankha mofatsa: "Bwana, zinthu za masiku anozi zatipitirira ife. Maso akalamba, timabatani n'tating'ono. Ana awa ndiwo akuzitha."

Mayi amene ankatayipa osayang'ana pa makina! Mayi amene ankalowetsa ulusi pa singano popanda magalasi! Linali bodza, ndipo m'chipinda monsemo odziwa kuti ndi bodza tinali awiri, iwo ndi ine. Ndinatsegula pakamwa. Ndikukumbukira kuti ndinanyamuka pang'ono pampando. Kenako ndinadziuza kuti mkamwini satsutsa apongozi ake pagulu, n'kukhalanso pansi. Mwambowo ndinangobisalamo. Chimene chinandikhazika pansi chinali mantha a ntchito yanga, ndi mimba ija kunyumba.

Msonkhano utatha abwana anandigwira paphewa pa kolido. "Ndiye munaona nokha kuti mayi aja zikuwavuta, n'kupatutsa mafoni osadikira kuuzidwa eti? Anthu oganiza msanga ngati inu ndi amene tikuwafuna." Sabata yomweyo anandiuza kuti ntchito yanga yakhazikika. Sabata yomweyonso apongozi anauzidwa kuti mwezi ukatha asiye, desiki yawo siikufunikanso payokha.

Kunyumba mkazi wanga analira, osati mokuwa, kumangopukuta misozi ndi nkhongono ya dzanja uku akusenda kachewere. Sanandifunse za foni. Mwina anali ataiwala zimene anandiuza tsiku lija, mwina sanaiwale, kaya. Apongozi anamuuza kuti asadandaule, abwerera ku Mlangeni kukalima, munda wa malemu ulipo. Koma anati chimene chinawapweteka n'chakuti anzawo amene anayamba nawo ntchito anachoka nthawi yawo itakwana, ndi mwambo wotsanzikana, ndi nyimbo, pamene iwo akuchoka ngati munthu amene yamulaka ntchito.

Ndinapita kwa abwana. Mochedwa, inde, koma ndinapita. Ndinafotokoza zonse, za zingwe, za buluku, za mwambo. Anandimvetsera kukamwa kuli yasa, kenako anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ataona kuti ine sindikuseka anasiya.

"Pepani," anatero. "Koma za ku Lilongwe zatha kale, sindingazibweze. Ndipo tinene zoona, kaya foniyo inali yabwino kaya ayi, tonse taona kuti ntchito ikuyenda popanda desiki ija." Sananene kuti amene anawaonetsa zimenezo ndi ine, ndipo sanafunikire kunena. Kenako anawonjezera, "Mayi wa ku akaunti asamukira m'chipinda cha apongozi anucho. Kakonzeni foniyo asanalowe."

Ndiye taonani. Chimene ndinalephera kuchitira apongozi anga miyezi yonseyo, ndinayenera kuchitira wowalowa m'malo, abwana atangolamula kamodzi. Ndikanatha kudikira kuti achoke kaye, chipinda chikhale chopanda munthu, ndipo ndinaganizapo. Koma mtima unakana. Ngakhale pamenepo ndinazengerezabe mpaka tsiku lawo lomaliza.

Linali Lachisanu masana, kunja kukuwomba kamphepo kozizira kochokera kumapiri. Ndinaima pakhomo pawo penipeni n'kunena, "Odi, amayi."

Anali akulongedza m'katoni kapu yawo, kapilo ka pampando ndi kalendala ya kumpingo. Anaima, dzanja likadali m'katonimo.

"Ndabwera kudzaona foni," ndinatero, maso ali pa simenti.

"Lowani, bambo." Anapita pawindo n'kufulatira.

Ndinachotsa kansalu kamene anali atavundikira kale, ndinatembenuza foni, ndinazula chingwe ichi n'kulowetsa apa, icho n'kulowetsa apo. Basi. Sindinagwade n'komwe. Foni inaphethira, inaganiza pang'ono, kenako dzina lawo linatulukira pa kagalasi kake, dzina limene ndinali ndisanalitchulepo ndi pakamwa panga. Ndinatuluka chafutambuyo.

Pa kompyuta yanga kadontho kanali kobiriwira. Koma foni sunganene kuti yatheka usanaiyese, ndipo woiyesa naye anali mmodzi yekha. Ndinanyamula yanga n'kudina nambala yawo. Ndinaimva ikulira uko kumapeto kwa kolido, kenako phokoso la chinthu chogwera m'katoni, kenako mawu awo m'khutu mwanga mwenimweni, pafupi kuposa mmene ndinawamverapo chikwatirire mwana wawo.

"Halo, tikuthandizeni?" Anali mawu awo a ntchito aja, osalala.

"Ndine, amayi. Ndikungoyesa ngati ikumveka."

"Ikumveka bwino, bambo."

Ndikanayenera kuika pansi pamenepo. Sindinaike, iwonso sanaike. Mwina n'chifukwa chakuti pa foni palibe nkhope yoti uipewe. Ndinkamva kupuma kwawo, ndi oitanira minibasi kumsewu, amene ankamveka kawiri, pawindo langa ndi m'foni momwemo.

"Ndifunseko, bambo," anatero. "Lero ndiye akulolezani?"

"Ndani, amayi?"

"Abwana. Si iwo anakuuzani kuti yangayi muisiye? Ine ndinaona za anzanga onse zikulira, ndinatuma mawu kamodzi, osasintha. Ndiye ndinati ayi, mwanayu wachita kuuzidwa. Ali pa ntchito yatsopano, asapanikizike pakati pa abwana ndi ine. N'chifukwa chake pa msonkhano paja ndinangowathandiza kumaliza zimene anayamba."

Bodza linali pafupi, atandikonzera okha, kwanga kunali kungoti eya.

"Ayi, amayi. Palibe anandiuza. Tsiku lija ndinasemphanitsa zingwe. Ndinkachita manyazi kubweranso."

"Zingwe?"

"Eya. Ziwiri, kuseri kwa foni."

"Zimene mwagwira pompanozi?"

"Zomwezo."

"Basi?"

"Basi, amayi."

Ndinayembekezera kuti akalipa, ndipo ndinkalakalaka atakalipa, ngakhale kunditukwana, kuti ndipepese bwinobwino. Ndinayamba kunena kuti, "Amayi, ndalakwa," koma anandidula, mawu awo osakwera, osatsika.

"Ikani pansi, bambo, muyimbenso. Poyamba paja ndinadzidzimuka, sindinamve bwino kulira kwake."

Ndinaika pansi. Ndinadinanso nambala ija. Inalira. Inaliranso. Sanayankhe. Inapitiriza kulira mpaka zitseko zinayamba kutseguka, anthu kusuzumira, wina kufuula kuti kodi kulibe munthu uko. Ine ndinangokhala pamenepo foni ili pakhutu, misozi ikugwera pa desiki, ndipo sindinaidule, chifukwa apongozi anali asanandiuze kuti yakwana.